Tenti ya Pansi pa Bedi

Kwathu kuno ku Ngabu munthu akati "ndinagona m'tenti" palibe amene amamufunsa ngati anagona bwino. Timayamba ndi kupepesa, kenaka n'kufunsa kuti madziwo anakupezani usiku kapena masana, nanga mwapulumutsako chiyani. M'chigwa chino cha Shire tenti ndi nyumba ya munthu amene zamugwera. Ife amsinkhu uno tidayamba kuiona m'zaka za m'ma 1980, pamene abale athu a ku Mozambique ankadutsa malire usana ndi usiku kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, mpaka m'boma la Nsanje othawa nkhondo adachuluka kuposa eni nthaka. Nkhondo itatha mu 1992 anthu aja adabwerera kwawo, koma matenti sadatichoke. Adangosintha eni ake. Masiku ano amabwera pambuyo pa madzi osefukira, pamodzi ndi matumba a ufa, ndowa zapulasitiki ndi alembi olemba maina.

Tsono mungathe kuona chifukwa chake anthu adandiyesa wozungulira mutu pamene ine, munthu wa nyumba yanjerwa zootcha ndi denga lamalata, ndidatulutsa ndalama zanga n'kugula tenti popanda chondithamangitsa.

Chilakolakocho chidandilowa kalekale. Mu 1976, ndili pasukulu ya zaulimi ya Colby ku Chitedze, adatitenga ulendo wokaona minda ya thonje ku Salima, ndipo dzuwa litapendeka dalaivala wathu adakhotera ku Senga Bay kuti nafenso tikaione nyanja. Pamchenga padali banja la azungu. Bambo ankauzira moto, mayi ankawerenga buku, ana awiri ankathamangitsana m'madzi, ndipo kumbuyo kwawo kudali kanyumba kansalu. Anzanga ankadabwa ndi kukula kwa madzi, ine maso adali pa bambo uja. Ndidali ndisanaonepo mwamuna wamkulu atakhala ndi ana ake tsiku lathunthu popanda khasu, popanda mlandu woweruza, popanda maliro. Bambo anga tinkawaona m'mawa akupita kudimba ndi madzulo akusamba m'manja. Ndidalumbira chamumtima kuti tsiku lina nanenso ndidzakhala chomwecho ndi ana anga.

Tsiku linalo lidachedwa ndi zaka 38. Ntchito yaulangizi idanditenga mudzi ndi mudzi, poyamba panjinga yakapalasa, pambuyo pake yamoto, kuphunzitsa anthu kupopera thonje, kuwerenga mazira a mbozi pamasamba ndi kulondolera ng'ombe kudibi. Ana adabadwa, adakula, adakwatira ndi kukwatiwa, ine ndili m'minda ya eni. Ndidapuma mu 2014 nditakwanitsa zaka 60. Ndalama zopumira zitatuluka ndidagula kagalimoto kakale ka bokosi kumbuyo, ndipo mwezi wa Okutobala ndidapeza tenti yobiriwira pakaunjika ku Limbe, yogona anthu anayi, zitsulo zake zonse zilipo.

Nkhani idafika pabawo ine ndisanafike. Mwezi umenewo kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mudzi wonse umagona pabwalo chifukwa m'nyumba mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Mnzanga wina, amene tidapuma chaka chimodzi, adandiyang'ana uku akutapa nkhomo nati, "Akulu, ndamva kuti mukufuna kukalipira ndalama kuti mukagone panja. Bwanji osangobwera kwathu usiku uno? Pabwalo ndi paulere, udzudzu tikupatsani wa basera." Onse adaseka pansi pa mtengo wa nimu, nanenso ndidaseka nawo. Kunyumba aNaphiri sadaseke. Adangoigwiragwira nsaluyo n'kunena kuti ikadakhala yokulirapo bwenzi tikuyanikapo mapira.

Tidagwirizana kuti tidzapita mvula ikadzatha. Koma chakudza sichiimba ng'oma.

Mwana wathu wachiwiri adakwatiwa kutsidya kwa Shire, ku Makhanga, kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Mu Januwale 2015 mvula idagwa masiku otsatizana kumapiri a Mulanje ndi Thyolo, ndipo Ruo adasiya njira yake n'kudzera m'midzi usiku anthu ali m'tulo. Mkamwini wathu adakweza mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi mumtengo wa mango, iye n'kubwerera kukatenga mayi ake okalamba. Sadaonekenso, iye ngakhale mayi akewo. Awiri aja adakhala mumtengo mausiku awiri, mayi atamumanga mwana kunthambi ndi chitenje, mpaka boti la asilikali lidawapeza n'kuwaolotsera ku Bangula. Pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15 agwa m'ngozi. Anthu pafupifupi 230,000 adasowa pokhala. Chiwerengero chimenechi ndimachidziwa pamtima, ngakhale kuti ine ndinkafunafuna anthu awiri okha pakati pa matenti oyera amene adandanda mizeremizere.

Ndidawapeza tsiku lachitatu. Tenti imodzi munkagona mabanja angapo, amayi ndi ana kwaokha, abambo kwaokha. Masana m'katimo munkatentha moti nsalu inkaotcha dzanja, usiku pansi pankanyowa. Ndidati tiyeni kunyumba, galimoto ili pamsewu. Mwana wanga adakana. Adati boti lililonse lofika lingathe kubwera ndi mwamuna wake, ndiye akadzafika adzafunsa ndani? Adakhala pamenepo milungu itatu, m'mawa uliwonse kupita kudooko, madzulo kubwerera. Pomaliza akuchimuna, amene nawonso adali m'matenti momwemo, adatilola kuti titenge mayi ndi mwana yemwe. Tidalira maliro opanda mtembo.

Pali chinthu china chimene sindinena kawirikawiri. Nthawi zonse madzi akasefukira akuluakulu a boma amabwera kudzauza anthu kuti asamukire kumtunda, ndipo a m'tauni amatinena kuti ndife anthu okanika, okonda zolandira. Ine ndikudziwa chimene chimawasunga anthu m'mphepete mwa mtsinje, chifukwa ndidakhala zaka zambiri ndikuwaphunzitsa chimenecho. Kumtunda kuno mvula ndi yochepa ndipo chimanga chimapserera chisanabereke. Kudimba madzi akaphwa amasiya dothi lachonde ndi chinyezi, munthu n'kukolola chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe popanda feteleza. Mkamwini wanga atandifunsa nzeru ngati kudali koyenera kugula malo kumtunda, ndidamuyankha monga mlangizi. Ndidati dothi la ku Makhanga silipezeka pena paliponse.

Nditabwerako ku Bangula ndidatenga tenti yanga ija n'kuikankhira pansi pa bedi, kukhoma kwenikweni.

Mdzukulu wathu adafika pakhomo ali mwana wina. Kale adali wolongolola, wofunsa mafunso mpaka munthu kutopa. Tsopano ankangoyankha ndi mutu. Mvula ikangoyamba kugunda malata ankakwera patebulo n'kukhala mwakachetechete, miyendo atapinda, osalira. Akadalira bwenzi zili bwino. Posamba ankalola madzi a m'kapu okha, beseni ayi. Popita kusukulu pali kangalande kamene ngakhale mbuzi imalumpha, koma iye ankazungulira mtunda wautali kudzera kumsika. Tidapita naye kuchipatala, adati thupi lili bwino. Abusa adabwera kudzapemphera. Agogo ake aakazi ankagona naye mphasa imodzi. Chaka chidatha, china n'kufika pakati.

Tsiku lina mu Juni 2016 adalowa kuchipinda kwathu kuthamangitsa nkhuku imene inkafuna kuikira pansi pa bedi. Tidangomva kukuwa. Adatuluka liwiro mpaka kuseri kwa khola, ndipo adakana kulowanso m'nyumba mpaka mdima. Agogo ake atamunyengerera adafunsa funso limodzi lokha: "Tikubwereranso ku Bangula?" Adali ataona nsalu ndi zingwe, ndipo m'mutu mwake zinthu zimenezi zidali ndi tanthauzo limodzi basi.

Usiku umenewo aNaphiri adandiyankhula ali chotembenukira kukhoma. "Abambo, chinthu chanucho chichoke pansi pa bedi. Kaya mukachigulitsa, kaya mukamuonetsa mwanayu ntchito imene munachigulira, koma m'nyumba muno chisagonenso mobisala ngati mfiti."

Chaka chimenecho chidali cha njala. Pambuyo pa madzi a 2015 kudabwera ng'amba, ndipo mu Epulo 2016 boma lidalengezanso za ngozi. Kumadambo anthu adabwerera kukazula nyika pakati pa ng'ona. Ndalama ya mafuta a ulendo wathu ikadagula matumba angapo a chimanga, ndipo padali abale amene akadawalandira ndi manja awiri. Ndidawerengera kawiri katatu papepala. Mpaka lero sindinganene motsimikiza kuti ndidachita chilungamo. Ndidagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndisakhudze ndalama ya chakudya, ndipo m'mudzi tidangoti tikupita kukaona abale ku Mangochi, kumene tilibe mbale ndi mmodzi yemwe.

Tidanyamuka mu Ogasiti sukulu zitatsekera, tambala woyamba asanalire. Tidali asanu: ine, aNaphiri, mwana wathu wamasiyeyo, mdzukulu, ndi mzime wathu amene ankayendetsa. Kumbuyo tidalongedza mbaula, thumba la makala, ufa, mapoto, mphasa, maneti, zigubu ziwiri ndi nkhuku yamoyo. Tentiyo ndidaikulunga m'chiguduli. Tidadutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo kukali mdima. Pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa mwana uja adabisa nkhope pachifuwa cha mayi ake mpaka tidafika pa Thabwa. Tikukwera phiri lopita ku Blantyre ndidafuna kumuonetsa chigwa chathu m'munsi, Shire akunyezimira ngati njoka yogona padzuwa, koma aNaphiri adanditsina pantchafu ndipo ndidameza mawu. Zomba tidadutsa tikunjenjemera ndi chisanu, anthu a kotentha ife. Pa Liwonde tidaolokanso Shire pa baraji, ndipo mwana adafunsa ndi maso otsinzina kuti umenewu ndi mtsinje wanji. Palibe adayankha. Kuchokera apo ndi Ulongwe, nyanja ya Malombe ikuonekera patali kudzanja lamanja, Mangochi, kenaka msewu wa ku Monkey Bay, mpaka tidakhotera kumanzere kulowa m'mapiri a miyala ndi milambe. Ulendo wonse ndi makilomita oposa 350, ndipo kagalimoto kathu kadawira kawiri.

Tidatsikira m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear, dzuwa likulowa kuseri kwa chilumba cha Thumbi. Pachipata cha malo ena ogona alendo mlonda adasuzumira m'galimoto, adaona mbaula ndi nkhuku, n'kundifunsa mwaulemu wake wonse, "Madala, azungu anuwo akubwera m'mbuyomu?" Adatiyesa ophika otsogola ndi katundu. Ine ndidasowa chonena. ANaphiri adakonza duku lawo nati, "Mwanawe, tsegula. Azunguwo ndife." Mnyamatayo sindimuimba mlandu. Ankanena zimene maso ake adazolowera. Nyanjayi timaiimba m'nyimbo ya fuko ndipo ana amaijambula pamapu kusukulu, koma Mmalawi wofika pamenepo ndi tenti, osati kudzagulitsa kanthu kapena kudzachita msonkhano wa alawansi, adali ngati khwangwala woyera.

Kuimika tentiyo kudandichotsa ulemu. Pepala la malangizo padalibe, zitsulo zidali zofanana zonse, ndipo munthu amene ndidaphunzitsa alimi mazanamazana kumanga nkhokwe ndidagwetsedwa ndi nsalu kawiri. Mzime wathu ndi anyamata awiri a m'mudzimo ndiwo adaimaliza. Nthawi yonseyi mdzukulu adali m'galimoto, magalasi atatseka, nkhope atalozetsa kumapiri. Nsima adadyera momwemo. Kugona adagona momwemo ndi amalume ake.

Usiku woyambawo udali woipa. Inali nyengo ya mwera, mphepo ya kummwera imene imavundula nyanja m'miyezi yozizira, ndipo ngakhale gombe la Chembe ndi lobisika, mafunde ankamenya mchenga osalekeza. Pakati pa usiku ndidazindikira kuti mwana wanga sali m'tenti. Ndidamupeza atakhala kumbuyo kwa galimoto atafunda chitenje, akuyang'ana nyali za asodzi a usipa zimene zidandanda kutali pamadzi. Adati, "Ababa, phokosoli ndi lomwe lija." Pamenepo mpamene ndidaona kupusa kwanga. Miyezi yonseyi maso athu adali pa mwana wamng'ono, chifukwa mantha ake ankaoneka. Mayi ake ankaphika, ankachapa, ankapita kutchalitchi, ndiye tidati walimba mtima. Ndidamutenga munthu amene adamva madzi akubangula pansi pa mapazi ake mausiku awiri n'kukamugoneka mikono khumi kuchokera pamafunde. Ndidati kukacha tipakira tizipita. Iye adati, "Mbuzi ziwiri zija zipite pachabe? Tikhale."

Kutacha nyanja idagona. Mudzi wonse udatsikira kugombe: amayi kutsuka mapoto ndi mchenga, asodzi kukoka mabwato, usipa kuuyanika pamathandala, tiana tamaliseche kudumphira m'madzi ngati achule. Mdzukulu adatsitsa galasi pang'ono. Chimene chidamutulutsa m'galimoto ndi anyani. Titapita kuchipata cha paki, chigulu cha anyani chidatsika m'miyala, ndipo wina wamkulu adalanda chinangwa m'manja mwa amalume ake n'kukakhala pamwala kumadya mosatekeseka ngati walipira. Mwana uja adaseka. Tonse tidatembenuka kumuyang'ana, chifukwa kuseka kumeneko tidali titakuiwala.

Paki imeneyi, Lake Malawi National Park, idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Ife a kuchigwa tikamva paki timaganiza za Lengwe ndi Majete, za njati ndi njovu. Iyi adaikhazikitsa makamaka chifukwa cha nsomba, pakuti nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Pamtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi zilumba zake saloleza kuponya ukonde. Midzi ngati Chembe idatsala m'kati mwake, ndipo nkhani ya nkhuni ndi malo ophera nsomba imawakanganitsa eni mudzi ndi oyang'anira paki monga momwe ife timakanganirana ndi a ku Lengwe. Mlendo amaona kukongola, mwini mudzi amaona malire.

Mnyamata wotiperekeza adayamba watifikitsa pamanda a amishonale, pansi pa phiri. Mbiri yake ndinkaidziwa kuchokera kusukulu, koma kuima pamenepo kudandikumbutsa kuti anthu a kwathu adafika kuno kale ine ndisanalote za tenti. Mu 1875 amishonale a ku Scotland, motsogozedwa ndi E.D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, adakwera Shire ndi sitima yotchedwa Ilala. Atafika pamathithi kumtunda kwa Chikwawa adaimasula zidutswazidutswa, ndipo amuna mazanamazana a m'chigwa chathu, otumidwa ndi mafumu a Chikololo, adaisenza pamitu kudutsa mathithi onse mpaka pamene madzi ayambiranso kuyenda mofatsa. Mu Okutobala chaka chomwecho Ilala idalowa m'nyanja, ndipo mishoni ya Livingstonia idayambira pa Cape Maclear pomwepa. Malungo adawatha, mpaka mu 1881 adasamukira ku Bandawe, atasiya manda ndi munthu mmodzi yekha wobatizidwa, Albert Namalambe. Maina a azungu adalembedwa pamanda. A osenza zitsulo aja palibe adawalemba.

Kuchokera pamandapo tidayenda kanjira ka m'miyala mpaka ku Otter Point. Kumeneko kulibe mchenga wambiri kapena mafunde, kuli miyala ikuluikulu yoviikidwa m'madzi odekha. Mdzukulu adaima patali atagwira chitenje cha agogo ake. Mnyamata uja adatenga nyenyeswa za buledi n'kuwaza pamadzi, ndipo nthawi yomweyo padadzaza tinsomba ta mbuna, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tokongola ngati nsalu za pa Khirisimasi. Mwanayo adasendera phazi limodzi, kenaka lina. Adagona chafufumimba pamwala n'kusuzumira. Adakhala choncho nthawi yaitali, ndipo potsiriza adati, osatembenuka, "Agogo, madzi awa ali ndi pansi."

Owerenga a kunyanja mwina sangamve kulemera kwa mawu amenewa. Shire wa kwathu ndi wofiirira chaka chonse. Ukaviika dzanja, zala suziona. Umo ndi mobisala ng'ona, ndipo umo ndi momwe mudalowa bambo ake osatulukanso. Pa moyo wake wonse mwanayu adali asanaonepo madzi ambiri amene munthu angathe kuona mwala uli pansi pake, ndi mthunzi wa nsomba ukuyenda pamwalapo.

Zikadathera pomwepo bwenzi zili bwino, koma mnyamata uja, pofuna kutisangalatsa, atamva kuti ndife a ku Ngabu adati, "Ndiye kuti madzi awa mumawadziwa kale. Shire wanu uja amatuluka m'nyanja muno, pa Mangochi paja mwadutsa." ANaphiri adamuyang'ana diso loti likadakhala mpeni bwenzi atagwa. Mwana adadzuka pamwala paja pang'onopang'ono n'kubwera kwa ine.

"Agogo, ndiye kuti madzi amenewa ndi amene anatenga ababa?"

Ndikadatha kunama, ndipo agogo ake ankandipempha ndi maso kuti ndiname. Koma mwana amene wanamizidwa kuti bambo ake abwera mawa, milungu itatu yathunthu, amalidziwa bodza likamabwera. Ndidakhala pansi n'kutola kamtengo, monga ndinkachitira ndi alimi. Ndidajambula nyanja padothi, ndi mzere wotsika kuchokera pamenepo: apa Malombe, apa Liwonde, apa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira pamene amapangira magetsi, apa Chikwawa, apa kwathu. Kenaka ndidajambula mizere ina yolowa m'mbali, Mwanza kuchokera kuzambwe, Ruo kuchokera ku Mulanje. Ndidamuuza kuti nyanja imatulutsa madzi ake pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo ndi amene timamwa, kuthirira nzimbe ndi kuyatsa magetsi. Kudali nthawi, kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935, pamene nyanja idatsika kwambiri mwakuti Shire adaleka kutuluka m'menemo. Madzi a usiku uja adali a mvula ya kumapiri, imene idatsika ndi Ruo tsiku limodzi, n'kupeza Shire ali wodzaza kale.

"Ndiye kuti a muno munalibemo?"

"Analimo ena, mdzukulu wanga. Madzi akasakanikirana sasankhika. Koma amene anathyola mudzi ndi a Ruo."

Adayang'ana chojambula chija, kenaka adafufuta mzere wa Ruo ndi chidendene chake, bwinobwino mpaka udatheratu. Adabwerera pamwala paja kukaona nsomba.

Madzulo ake titadya nsima ya utaka wootcha, ndidamuona akuzungulira tenti. Adagwira zipi n'kuikoka mpaka pansi, n'kuikwezanso. Adatero mwina kakhumi. Kenaka mafunso adayamba, ngati mwana wakale uja.

"Muno mugona anthu angati?"

"Ife tokha."

"Ena akabwera?"

"Abwera ndi yawo."

"Tichoka liti?"

"Lachisanu."

"Atiuze ndani?"

"Palibe. Tikafuna kuchoka mawa, tichoka mawa."

Adaganiza pang'ono, n'kuvula nsapato, n'kulowa. Adasankha kugona pakhomo penipeni, dzanja lili pazipi. M'mawa wa Lachisanu ndidadzuka n'kupeza mayi ake atakhala m'mphepete mwa madzi, mafunde akuwanyambita mapazi, aNaphiri ali pambali pawo. Ankayankhula motsitsa ndipo mapewa a mwana wanga ankagwedezeka. Sindidapiteko. Ndidakoleza mbaula n'kuikapo madzi a tiyi.

Sindikunena kuti nyanja idamuchiritsa mwanayo. Mvula yoyamba ya chaka chimenecho adakweranso patebulo, kungoti ulendo uno ankatiyankhula ali pamwambapo. Kangalande kaja adayamba kukalumpha chaka chotsatira. Tidabwereranso ku Chembe mu 2017, ndipo ana a m'mudzimo adamuphunzitsa kusambira, ife pobwerera n'kumwa mankhwala a likodzo monga amachitira aliyense wanzeru wosamba pagombe limenelo. Mu 2018 tidapita ku Senga Bay ndi zidzukulu zisanu, ndipo ndidakaima pamchenga pamene ndikuganiza kuti mpomwe padali banja lija mu 1976. Ndidauzira moto, utsi udandilowa m'maso, ndipo aNaphiri adati azungu a ku Ngabu sadziwa kukoleza makala. Mnzanga wa pabawo uja adasiya kundiseka. Adayamba kufunsa mtengo wa mafuta, ngakhale sadapiteko mpaka adamwalira.

Kenaka tentiyo idayamba kugwira ntchito imene anzake amagwira kuno. Mu Malichi 2019 mvula ya namondwe wa Idai idagwetsa nyumba ya mlamu wanga, ndipo adagonamo mwezi wathunthu pabwalo pathu. Mu 2020 kudabwera mliri wa Covid-19, osayenda. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira n'kudula msewu wa ku Blantyre, tenti idatulukanso. Mu Malichi 2023 Freddy adasiya anthu oposa theka la miliyoni opanda pokhala, ndipo pakhomo pathu padafika banja la anthu asanu ndi mmodzi amene sitidali nawo pachibale chilichonse. Amene adawaimikira tenti ndi mdzukulu wathu, yekha, osafuna thandizo. Ndidamumva akuuza kamnyamata ka banjalo kamene kankakana kulowa, "Taona, zipi iyi umatsegula wekha." Adakhalamo miyezi itatu. Dzuwa la ku Ngabu lidaiwaula nsaluyo mpaka kubiriwira kudatha, chitsulo chimodzi chidathyoka ndipo tidalumikiza ndi nsungwi.

Ndinkayesa kuti maulendo a kunyanja atha. Ndalama ya kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, penshoni idasanduka ya sopo ndi mchere, mawondo nawo adayamba kudandaula. Koma ana adasonkherana, ndipo patchuthi cha Pasaka mu 2024 tidakweranso phiri la Thabwa, mdzukulu ali ndi zaka 15, atakhala pawindo, akutchula maina a mitsinje yonse imene tinkaoloka.

Chaka chimenecho nyanja idakwera kuposa mmene idachitira pa zaka zambiri, ndipo m'magombe a Mangochi ndi Salima madzi adalowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo. Ku Chembe tidapeza mchenga wambiri utamira. Mathandala a usipa adawasunthira kumtunda, ndipo mayi wina wogulitsa mandasi adatiuza kuti khitchini yake ili m'madzi. ANaphiri adampepesa monga timapepesera kwathu, n'kumufunsa ngati madziwo anabwera usiku kapena masana. Mayiyo adati sanabwere tsiku limodzi, ankangosendera chala chimodzi lero, china mawa, mpaka anafika pamafuwa.

Tidaimika tenti yathu yachigambayo kumtunda, pafupi ndi mpanda. Ine ndinkayesa kukumbukira pamene tidagona ulendo woyamba uja, koma zizindikiro zonse zidali zitasokonekera. Mdzukulu adayang'ana mtengo wina umene tsopano udaima m'madzi, adawerenga mapazi kuchokera pamenepo ndi maso, n'kupinda siketi yake. Adalowa mpaka m'mawondo, mpaka m'chiuno, akuyang'ana pansi. Kenaka adaima, n'kutembenuka.

"Agogo, ndi pano. Mutu wanga unali apa, zipi inali apo."

Mayi ake adamukuwira kuti atuluke asanyowetse zovala, poti zouma zatsala ziwiri zokha.